Tsaya la mwana likatupa msanga, mano n'kumagwedera

Mwanayo anali wa zaka 6, tsaya lakumanzere litatupa ngati wabisa bango m'kamwa. Mano awiri ankagwedera, ndipo pansi pa khutu panali mphini zatsopano. Nditafunsa kuti chinayamba liti, mayi ake anati, "Masabata atatu apitawo, adokotala. Poyamba tinkayesa matsagwidi."

Matsagwidi amaphwa okha pakatha sabata kapena awiri. Chotupa chomangokulirakulira pansagwada, kuseri kwa diso kapena m'mimba mwa mwana, ife timayamba taganizira khansa yotchedwa Burkitt lymphoma, imodzi mwa khansa zomwe zimagwira ana kwambiri m'Malawi muno.

Dzinali ndi la Denis Burkitt, dokotala wochita maopareshoni yemwe ankagwira ntchito ku Uganda ndipo analemba za matendawa mu 1958. Mu 1961 anayenda pagalimoto m'zipatala za maiko angapo, kuphatikizapo Nyasaland, kufunsa komwe ana otupa nsagwadawa ankachokera. Anapeza kuti ambiri ankachokera kumalo otsika, otentha, a chinyezi, osati kumapiri kozizira. Wa ku Nchalo, Ngabu kapena Makhanga safunika kumuuza kuti kumalo otere kumachuluka chiyani. Udzudzu wa ku Dambo la Njovu timaudziwa tonse.

Malungo paokha sabweretsa khansayi. Mu 1964 Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong ku London anapeza kachilombo m'maselo (tizigawo ting'onoting'ono topanga thupi) a chotupachi, komwe lero timati Epstein-Barr virus, mwachidule EBV. Pafupifupi tonsefe tinakatenga tili ana kudzera m'malovu, ndipo kamangokhala phee m'maselo oyera a magazi. Mwana akamadwala malungo mobwerezabwereza, maselowo amachulukana mopupuluma pomwe chitetezo cha thupi chafooka. M'chipwirikiti chimenecho selo imodzi imalakwitsa pa makromozomu, timaulusi ta m'kati mwa selo tosunga malangizo a thupi otchedwa majini: kachidutswa ka kromozomu 8 kamasinthana malo ndi ka kromozomu 14, ndipo jini yotchedwa MYC, yomwe imalamula selo kugawikana, imakhala ngati njinga yotsika Thabwa yopanda mabuleki.

Apa ndimakonda kutsindika, chifukwa ndamvapo apongozi akulozana zala pakhonde la chipatala. Kulakwikaku kumachitika m'selo ya mwanayo atabadwa kale. Sikuchokera ku mtundu wa mayi kapena wa bambo monga zimakhalira ndi matenda a magazi a sickle cell, ndipo chotupacho sichipatsirana.

Ndi khansa yaliwiro. Maselo ake amatha kuwirikiza kawiri pa tsiku limodzi kapena awiri. Koma liwiro lomwelo ndi lomwe limaigwetsa, poti mankhwala monga cyclophosphamide amakantha kwambiri maselo ogawikana msanga. Ku wodi ya ana a khansa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chomwe achikulire amati Gulupu, chotupa chimatha kuyamba kuphwa patangopita masiku ochepa mwana atalandira mankhwala oyamba.

Msampha uli pomwepo. Tsaya laphwa, mwana wayamba kudya, kumudzi ana ena atsala ndi agogo, kudimba kukudikira, ndalama yathera thiransipoti. Kholo limamanga katundu mankhwala asanathe. Sindiliweruza, ulendo wochokera ku Nsanje si wapafupi. Koma maselo ochepa otsalawo amabwerera, ndipo ulendo wachiwiri samva mankhwala ngati poyamba.

Mayi uja ndinawalembera kalata yopita ku Blantyre tsiku lomwelo, n'kuwapempha kuti dzino logwederalo asalole munthu kulizula, ndiponso kuti auziretu a kwawo kuti atenga nthawi asanabwerere.