Chifukwa chake surfactant wa m'botolo sachiritsa ana ena obadwa ndi vuto la mapapo

Makolo a khanda limene lapezeka ndi matenda a chibadwa a surfactant amafunsa kuti, ngati surfactant wa m'botolo amapulumutsa ana obadwa masiku asanakwane, akulephereranji pa mwana wawo. Funsoli ndi loyenera, ndipo yankho lake lili m'mapapo momwemo.

Surfactant ndi madzi amafuta osakanikirana ndi mapuloteni amene amakuta mkati mwa timatumba ta mpweya ta m'mapapo kuti tisamatirire munthu akatulutsa mpweya. Mwana wobadwa msanga amasowa madziwa chifukwa maselo ake sanakhwime, choncho surfactant wothiridwa kudzera m'kachubu, njira imene Tetsuro Fujiwara wa ku Japan anaonetsa mu 1980 kuti imathandiza, amangomugwirizira kwa masiku ochepa mpaka mapapo atayamba kupanga okha. Kwa mwana wa matenda a chibadwa, yemwe kawirikawiri amabadwa miyezi itakwana, cholakwika chili m'majini, malangizo amene maselo amatsatira, ndipo kudikira sikusintha kanthu. Mankhwala othirawo akatha mphamvu, kubanika kumayambiranso.

N'chifukwa chake chithandizo chimayamba ndi kuyeza magazi kuti adziwe jini imene yalakwika. Vuto la jini ya SFTPB, limene Lawrence Nogee ndi anzake anafotokoza mu 1993, ndi loopsa kwambiri: khanda limabanika m'maola oyamba, limadalira makina othandiza kupuma, ndipo ambiri amamwalira m'miyezi yoyambirira ngati sanaikidwe mapapo a mwana wina. Jini ya SFTPC imachita mosiyana, moti m'banja limodzi wina akhoza kudwala ali wakhanda pamene kholo lake, lokhala ndi cholakwika chomwecho, silikudandaula chilichonse. Vuto la jini ya ABCA3, limene linadziwika mu 2004, limatha kupha msanga kapena kudwalitsa pang'onopang'ono, malinga ndi kukula kwa cholakwikacho. Pa NKX2-1, dokotala amayang'ananso chithokomiro ndi ubongo, chifukwa jini imeneyi imakhudza ziwalo zonse zitatu.

Kwa ana amene matenda awo amayenda pang'onopang'ono, madokotala amapereka methylprednisolone (mankhwala ochepetsa kutupa) wambiri kudzera mumtsempha kwa masiku atatu mwezi uliwonse, nthawi zina pamodzi ndi azithromycin kapena hydroxychloroquine. Ndiyenera kunena mosabisa kuti umboni wa mankhwalawa ndi wochepa, chifukwa odwala ndi owerengeka kwambiri moti n'kovuta kuchita kafukufuku wamkulu. Kafukufuku wa hydroxychloroquine amene Matthias Griese wa ku Munich anatsogolera, wofalitsidwa mu 2022, sanapeze phindu looneka bwino, ngakhale kuti ana amene analowamo anali ochepa. Ine ndimaona kuti mankhwala otere ayesedwe kwa nthawi yoikika, ndipo ngati mwana sakupuma bwino kapena kukwera sikelo, asiyidwe, pakuti methylprednisolone amafooketsa mafupa ndi kuchedwetsa kukula, pamene hydroxychloroquine amafuna kuyezetsa maso pafupipafupi.

Zimene zimaoneka zazing'ono ndizo zimasunga ana ambiri: okosijeni, katemera wa chibayo ndi chimfine, kupewa utsi wa fodya, komanso chakudya chokwanira. Mwana wopuma mothamanga amatha mphamvu zambiri ndipo amatopa asanakhute, n'chifukwa chake ena amadyetsedwa kudzera m'chubu.

Kuika mapapo ena sikuthetsa mavuto onse. Mwana amamwa mankhwala ochepetsa chitetezo cha m'thupi moyo wake wonse kuti thupi lisakane mapapo atsopanowo, ndipo pafupifupi theka la makanda oikidwa mapapo ndi amene amakhala adakali moyo pakatha zaka 5. Mabanja ena, atamva zonsezi, amasankha chisamaliro chochepetsa ululu ndi kubanika, ndipo chisankho chimenecho dokotala ayenera kuchilemekeza. Makolowo amauzidwanso kuti pa SFTPB ndi ABCA3, ngati onse awiri ali ndi jini yolakwikayo, pa mimba iliyonse pamakhala mwayi umodzi mwa inayi woti mwana abadwe ndi matendawa.