Kagalu kakamakana kuima, yambani mwagwira dothi

Mwezi wa Okutobala chaka chatha, mnyamata wina wa ku Nchalo anandipeza kuntchito atanyamula kagalu m'dengu pa keliyala ya njinga. Kanali ka mtundu wa Boerboel, ka miyezi inayi, mapazi akuluakulu ngati obwereka. Moni sanamalize n'komwe. Anatulutsa foni n'kundionetsa chithunzi cha galu wa ku South Africa ataima ngati chosema, mutu m'mwamba, msana uli thyathyathya.

"Adokotala, ndikufuna kanga kaziima chonchi. Koma n'kamwano. Ndikakaimika kamangonyamulanyamula miyendo, kenako n'kukhala pansi."

Ndinamufunsa nthawi ndi malo amene amakaphunzitsira. Anati akaweruka masana, cha m'ma 1 koloko, pabwalo pakhomo. Ndinati, "Mphwanga, tavula patapata uime pamchenga apo." Anaima. Sanafike n'komwe pa teni powerenga, anali atathawira pansi pa mtengo wa nimu.

Pa zaka zimene ndagwira ntchito ya ziweto kuno kuchigwa, agalu amwano enieni ndakumana nawo ochepa kwambiri. Kagalu kakamakana kuima kamakhala ndi chifukwa, ndipo nthawi zambiri chifukwacho chimakhala pansi pa mapazi ake, m'mimba mwake, kapena m'manja mwa mwiniwake.

Tiyambe ndi kaimidweko, kamene anzathu a zionetsero za agalu amakatchula kuti stack. Anthu ambiri akaona zithunzi amaganiza kuti ndi zodzikongoletsa chabe. Ayi. Woweruza pachionetsero amakhala ndi mphindi ziwiri kapena zitatu pa galu aliyense, ndipo m'kanthawi kameneko ayenera kuona mmene mafupa analumikizirana, kuya kwa chifuwa, kuwongoka kwa msana ndi mphamvu ya miyendo yakumbuyo. N'chimodzimodzi munthu wogula ng'ombe pamsika wa ku Ngabu: sangapereke ndalama ng'ombe ili chigonere, amafuna iime aizungulire. Chionetsero choyamba cha agalu chodziwika bwino chinachitika ku Newcastle, ku England, mu 1859, ndipo kunali agalu osakira okhaokha. Chionetsero chachikulu cha Crufts chinayamba mu 1891. Kufupi ndi kwathu kuno, malamulo a mmene galu wa mtundu wa Rhodesian Ridgeback ayenera kuonekera analembedwa ku Bulawayo mu 1922. Mtundu uliwonse uli ndi malamulo ake otere, ndipo woweruza amayerekeza galu wanu ndi zolembedwazo, osati ndi galu wa mnzanu.

Kwa mitundu yambiri kaimidwe n'kofanana. Miyendo yakutsogolo imatsika chowongoka kuchokera pamwamba pa mapewa, pamalo pamene ng'ombe zathu zachikuda zimakhala ndi linunda, ndipo zala zimaloza kutsogolo. Kumbuyo n'kumene anthu amasokonezeka. Chimene chimaoneka ngati bondo lopindikira kumbuyo si bondo ayi, ndi chidendene. Galu amayendera zala, ndiye chidendene chake chimakhala m'mwamba. Kuchokera pachidendenepo kufika pansi payenera kuwongoka ngati mzati wa nyumba, osapendekera kutsogolo kapena kumbuyo, ndipo mapazi akumbuyo atalikirane pang'ono kuposa akutsogolo. German Shepherd ndiye ali ndi kaimidwe kakekake: mwendo umodzi wakumbuyo umalowa pansi pa mimba, winawo umatambasukira kumbuyo. Ndaonapo anthu akuimika Boerboel mwanjira imeneyi chifukwa anaonera pa Facebook. Galuyo amangooneka ngati wathyoka chiuno.

Nanga kamakhaliranji pansi? Kawirikawiri mwiniwake ndiye anakaphunzitsa. Chinthu choyamba chimene aliyense amaphunzitsa kagalu ndi "khala", ndipo kakakhala amakapatsa chakudya. Pakatha sabata ziwiri kagalu kamakhala katamvetsa kuti dzanja likanyamula chakudya, matako apite pansi. Ndiye tsiku lina mwiniwake yemweyo akufuna kaime, chakudya chili m'manja, ndipo kagalu kakuchita zimene kanaphunzira bwino lomwe. Ine ndimati ngati mukulinga za chionetsero, yambani ndi "ima", "khala" abwere pambuyo. Ngati munayamba kale ndi "khala" palibe chaonongeka, koma kwa masabata angapo musapereke kanthu kalikonse kagalu kali chikhalire.

Dzanja la chakudya nalo limalankhula. Mukalikweza pamwamba pa mutu, kagalu kamayang'ana kumwamba ndipo matako amatsika okha. Mukalitsitsa kwambiri kamawerama. Liikeni molunjika ndi mphuno, kenako likokereni kutsogolo pang'onopang'ono mpaka kagalu kanyamuke n'kuponya phazi limodzi. Mapazi anayi akangokhazikika nenani "ima", werengani kawiri mumtima, perekani chakudyacho kadakali chiimire, kenako nenani liwu lomasula, monga "basi", n'kusewera nako. Liwu lomasulali ambiri amaliiwala, chonsecho ndi limene limauza galu kuti kuima kuli ndi mapeto ndipo wonena mapetowo ndinu. Tsiku loyamba masekondi awiri akwana. Sabata yotsatira asanu, kenako khumi. Miyezi ikamapita mudzafika pa mphindi yathunthu. Pa masiku oyambirira musasamale kuti phazi lili pati. Kagalu kayambe kadziwa kudekha, za mapazi zibwera.

Za chakudya chonyengerera musavutike n'kuitanitsa mabisiketi a agalu ku Blantyre. Chiwindi chowiritsa chodula tizidutswa ngati njere ya chimanga chimagwira ntchito kuposa chilichonse. Kachidutswa ka mlamba wowamba nakonso galu amakafera, bola muchotse minga yonse ndipo kasakhale ka mchere wambiri. Phunzitsani kagalu kasanadye, osati katakhuta phala.

Kakazolowera kudekha, m'pamene manja amayamba kukonza miyendo. Apa mpofunika kufatsa, chifukwa ambiri amaononga pomwepa. Yambani ndi mutu: dzanja lamanja ligwire pansi pa chibwano kapena pa kolala, poti galu mutu ukakhazikika thupi limatsatira. Pabwalo la chionetsero galu amayenda kumanzere kwanu, ndipo mukamuimika, mbali yake yakumanzere ndi imene imayang'ana kwa woweruza, ndiye yambani ndi miyendo ya mbali imeneyo. Mwendo wakutsogolo musaugwire kuphazi. Galu aliyense ukamugwira phazi amalikoka, ndi chibadwa. Gwirani pachigongono, pafupi ndi chifuwa, pendeketsani mutu pang'ono kumbali inayo kuti mwendowo upepukidwe, unyamuleni pang'ono n'kuuika pansi, kenako bwezani mutu pakati kuti kulemera kubwerere pamwendopo. Wakumbuyo gwirani pachidendene chija. Dzanja lisamangotulukira ngati kabawi wagwera mwanapiye. Liziyenda pathupi kuchokera pamsana kutsikira kumwendo, galu azidziwa kumene likupita. Mwendo umene waima kale bwino ulekeni.

Cholakwika chimene ndimachiona kwambiri ndi galu wotsamira kumbuyo, miyendo yakutsogolo itatsogola, thupi lonse likukana ngati mbuzi yokokedwa kupita kumsika wa ku Bangula. Mwiniwake akaona zimenezi amakoka chingwe kutsogolo, ndipo galu amalimbikira kukana. Galu ukamukoka amabwerera, ukamukankha amakutsamira. Choncho masulani chingwe, muike chakudya patsogolo pang'ono poti asafikire msanga, adzisendeza yekha n'kuika kulemera kwake pamwamba pa miyendo yakutsogolo. Chifuwa chimatuluka, khosi limatalika, ndipo galu amaoneka wina. Inu amene muli pafupi simungaone zonsezi. Pemphani mwana akujambuleni ndi foni atagwada, kuchokera chapatali pang'ono, foniyo ili pamsinkhu wa galuyo. Chithunzi chojambula munthu ataimirira chimafupikitsa miyendo ndipo chimanama.

Woweruza samangoyang'ana ndi maso, amagwira. Amatsegula milomo kuona mmene mano amakumanirana, ndipo kwa mitundu yambiri akumwamba amayenera kuphimba akumunsi pang'ono ngati sizasi. Amasisita mapewa, nthiti, msana mpaka kumchira. Galu wamphongo amamugwiranso machende, pepani ponena, kuti atsimikize kuti onse awiri anatsika. Galu wobangula kapena wofuna kuluma amatulutsidwa m'bwalo ngakhale akhale wokongola chotani. Tsono kuno kwathu agalu ambiri timawalera kuti mlendo asayandikire, ena mpaka kuwatsekera m'kakhola tsiku lonse ati kuti akhale aukali. Galu wotero sangaime pamaso pa munthu wachilendo. Kagalu kazigwiridwa ndi anthu osiyanasiyana kadakali kakang'ono: amayi a pakhomo, agogo, mnansi wovala chipewa, mwana wasukulu, aliyense modekha ndipo inu muli pomwepo ndi kachiwindi. Pa zakukamwa chenjerani ndi msinkhu. Kagalu kamakhala ndi mano 28, ndipo kuyambira cha pa miyezi itatu kapena inayi amayamba kuguluka kuti kumere 42 a galu wamkulu, ntchito imene imatha cha pa miyezi isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri. Nthawi imeneyi nkhama zimawawa. Ingotukulani mlomo pang'ono n'kusiya. Mukakakamiza pamenepa, galu adzadana ndi dzanja lopita kukamwa moyo wake wonse.

Ndibwerere ku dothi lija. Mabuku a zophunzitsa agalu analembedwa kumaiko kozizira, sadziwa Chikwawa ndi Nsanje. Kuno mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40, ndipo mchenga kapena simenti zimatentha kuposa mpweya. Galu satuluka thukuta pathupi ngati ife, kupatula pang'ono kumapazi. Amadziziziritsa popuma wefuwefu lilime lili panja. Galu amene akupuma chotero sakumva zimene mukunena, ndipo akawerama msana si mwano, watopa. Agalu amphuno zazifupi ndi olemera thupi ndiwo amavutika msanga. Nthawi yophunzitsa ndi m'mamawa dzuwa lisanakwere, kapena madzulo dothi litazizira. Ikani kuseri kwa dzanja pansi muwerenge mpaka faifi. Ngati simungapirire, kagalunso sikangapirire. Sesani minga, yalani chiguduli kapena mphasa pamthunzi, madzi akhale pafupi. Simenti yopolisha ya m'nyumba imaterera, ndipo kagalu kakaterereka kamodzi kamayamba kuima motangaza miyendo chifukwa cha mantha. Mphindi ziwiri kapena zitatu, kawiri patsiku, n'zokwanira.

Dothi likakhala lozizira koma kagalu kakuvutikabe, ndimayang'ana zina. Zikhadabo zazitali zimatangaza zala ndi kupotoza phazi. Mukamva zikulira pasimenti galu akamayenda, zatalika. Pakati pa zala pamabisala nkhupakupa ndi timinga, ndipo kuno kumene agalu amagona pafupi ndi makola a ng'ombe ndi mbuzi, nkhupakupa sizisowa. Kagalu kofufuma mimba, kaubweya wofota, kopinda msana ngati uta, kawirikawiri kali ndi njoka za m'mimba ndipo kakufunika mankhwala, osati maphunziro. Nkhama zoyera m'malo mofiirira, kufooka ndi kukana kudya ndi zizindikiro zoti mupite nako kwa alangizi a ziweto tsiku lomwelo, chifukwa matenda obwera ndi nkhupakupa sachedwa kupha. Kagalu ka mtundu waukulu kokana nthawi zonse kuti mwendo umodzi wakumbuyo utambasulidwe kangakhale ndi vuto la m'chiuno. Kumbukiraninso kuti kagalu sikakula mofanana thupi lonse. Pali miyezi ina imene kumbuyo kumatalika kuposa kumapewa, kagalu n'kumaoneka ngati kakutsetsereka pa Thabwa. Zimenezi manja sangakonze, zimadzikonza zokha kakamakula.

Ena afunsa kuti, kuno kuchigwa bwalo la chionetsero lili kuti? Zoona, ambiri a ife agalu athu sadzaima pamaso pa woweruza, ndipo ofuna kutero ayenera kuyamba aona ngati galu wawo ali ndi mapepala a kaundula wa mtundu wake. Koma ine ndimaphunzitsa kaimidwe kameneka ngakhale kwa agalu achikuda osakira mbewa ndi akalulu. Bwerani tsiku la katemera wa chiwewe mudzaone mmene timalimbanirana ndi agalu amene sanagwiridwepo: anthu atatu pagalu mmodzi, fumbi koboo, ena kudula chingwe n'kuthawa osabayidwa. Galu wodziwa "ima" timamubaya asanazindikire n'komwe. Katemera wa chiwewe amayambira pa miyezi itatu, ndipo kagalu kasamayendeyende m'misika kasanamalize katemera wa matenda otsegula m'mimba mwamagazi aja otchedwa parvo, amene amamalizidwa cha pa masabata 16.

Mnyamata wa ku Nchalo uja anabweranso mu Disembala, mvula itayamba. Kagalu sikanakwanenso m'dengu, anabwera nako pa chingwe. Anakaimika pachiguduli pakhonde, ndipo kanaima masekondi ngati makumi awiri uku ine ndikukasisita msana ndi kukatukula mlomo. Phazi lakumanzere lakutsogolo linkaloza kunja pang'ono. Ndinamuonetsa mmene angalibwezere kuchokera pachigongono, tinawenga zikhadabo, ndipo ndinamuuza abwerenso mano onse akamera kuti tidzaone mmene akukumanirana.