Kugula puloti ndi kumanga mu Lilongwe: mafunso ndi mayankho

Kalembera wa 2008 adapeza anthu 674,448 mumzinda wa Lilongwe, pomwe wa 2018 adapeza 989,318. Anthu owonjezerawo onse amafuna pogona, koma mapuloti odulidwa mwadongosolo sakukwanira. N'chifukwa chake mzindawu ukukulira kwambiri kumbali, monga ku Chinsapo, Mtandire, Mgona ndi Kauma, ndipo ambiri amagula kaye malo, za malamulo n'kumadzazimva atathira kale maziko.

Kodi malo a mumzinda ndi a yani?

Eni ake akuluakulu ndi atatu: Unduna wa Zamalo, Malawi Housing Corporation ndi khonsolo ya mzinda. Bungwe la Capital City Development Corporation, lomwe lidamanga likulu boma lisanasamuke ku Zomba mu 1975, ndilo linkayang'anira malo ambiri, koma lidatha mu 1984. Lero khonsolo ili ndi mapuloti ambiri m'madera ngati Kawale ndi Chilinde, a Housing ali ndi awo ku Area 18 ndi Area 49, ndipo ena ali m'manja mwa Unduna.

Mukagula kwa eni ake amenewa simukugula dothi mpaka muyaya. Mukutenga lizi, kapena kuti pangano lobwereka malo, yomwe pa malo a nyumba kawirikawiri imakhala ya zaka 99, ndipo imabwera ndi mfundo zake: malowo agwire ntchito yanji, komanso mumange pasanathe nthawi yotani. Puloti yongoimikapo mpanda n'kuisiya ikumera thengo, mwini malo amene adakupatsani lizi angathe kuilanda.

Ndili ndi kalata ya amfumu, mboni zidasaina. Sizokwanira?

Apa ndi pomwe anthu ambiri apsera ndalama. Kalata ya amfumu imangochitira umboni kuti munapereka ndalama kwa uje pamaso pa anthu. Siikunena kuti wogulitsayo anali ndi mphamvu yogulitsa. Lamulo la mafumu silipereka ulamuliro kwa mfumu mkati mwa malire a mzinda, ngakhale kuti m'madera mwathu mafumu alimo ndipo amathandiza pa maliro ndi pa milandu ing'onoing'ono. Malo ambiri omwe amagulitsidwa motere ndi a boma kale, kungoti eni midzi akale adapitiriza kulimapo. Ena adalandira chipukuta misozi zaka zapitazo, ana awo n'kugulitsanso munda womwewo.

Vuto lina ndi loti kalata yotere sikulembedwa m'kaundula aliyense. Puloti imodzi ingagulitsidwe kwa anthu atatu, aliyense ndi kalata yake ya chidindo chomwecho, ndipo amene wayamba kutsitsa njerwa ndiye amaoneka mwini. Kubanki nako kalatayi saivomera ngati chikole.

Kunja kwa malire a mzinda nkhani njosiyanako. Kumeneko lamulo la malo a makolo la 2016 lidakhazikitsa makomiti a zamalo, ndipo ndi kudzera mwa iwo momwe malo amalembetsedwera. Choncho funso loyamba n'lakuti: malowa ali mkati kapena kunja kwa malire? Musafunse dobadoba, funsani kukhonsolo.

Ndichite chiyani ndisanalipire?

Tengani nambala ya puloti ndi ya title deed (chikalata cha umwini), mupite nokha ku ofesi ya kaundula wa malo mukapange search, kutanthauza kufufuza zomwe zidalembedwa za pulotiyo. Mudzaona dzina la mwini, zaka zotsala pa lizi, komanso ngati malowo ali pachikole kapena wina adaikapo chiletso. Dzinalo lifanane ndi la pachiphaso cha unzika cha wogulitsa. Ngati mwini adamwalira, wogulitsa aonetse zikalata za khoti zomupatsa mphamvu yoyendetsa chuma cha masiye. Mawu akuti "banja lonse lagwirizana" si chikalata.

Kenaka pitani pamalopo ndi saveya (woyeza malo) wovomerezeka, atanyamula deed plan (mapu a malire a puloti), akapeze mabikoni onse, zizindikiro za malirewo. Bikoni imasuntha usiku, ndipo mamita awiri olowa kwa neba amakwana kukugwetserani mpanda wonse. Pomaliza, lizi siisintha dzina popanda chilolezo cha mwini malo (Unduna, a Housing kapena khonsolo) ndi kukhoza msonkho ku MRA. Ndalama yomaliza muzipereka izi zikatheka, makamaka kudzera kwa loya.

Title deed ndili nayo. Ndingayambe kumanga?

Ayi. Kukhala ndi title deed ndi kuloledwa kumanga ndi zinthu ziwiri. Lamulo la mapulani la 2016, lomwe lidalowa m'malo mwa la 1988, limafuna chilolezo ntchito isanayambe. Kukhonsolo mumapereka fomu, umboni wa umwini, pulani yoonetsa pomwe nyumba ikhale pa pulotiyo, zojambula za nyumbayo, ndi za injiniya ngati ndi yosanjikizana. Komiti ya mapulani imayang'ana ngati ntchitoyo ikugwirizana ndi zomwe deralo lidakonzedwera, mtunda wochokera kumsewu ndi kumalire, gawo la puloti lomwe nyumba yadya, polowera galimoto, ndi komwe madzi a mvula ndi a kuchimbudzi azipita.

Mapulani ambiri amabwezedwa pa zifukwa zomwezomwezo: nyumba yadzaza puloti yonse, septic tank yaikidwa poti galimoto yopopa singafike, kapena mpanda walowa m'malire a msewu. Pansi pa mawaya akuluakulu a ESCOM ndi m'mphepete mwa mitsinje musayembekezere chilolezo. Amene adaona Lingadzi atasefukira ku Mtandire mu 2017, kapena matope a namondwe Freddy akutsika m'phiri la Soche ku Blantyre mu Malichi 2023, sangati lamuloli ndi nkhanza.

Nanga kusandutsa nyumba kukhala shopu, sukulu kapena tchalitchi?

Pamafunika chilolezo chosinthira ntchito ya malo, ngakhale musagumule khoma limodzi, komanso mwini malo asinthe mfundo za lizi. Aneba ali ndi ufulu wodandaula, makamaka pa phokoso ndi poimika magalimoto.

Ndingadule puloti yanga pawiri n'kugulitsako?

Pokhapokha komiti itavomera, saveya ataika mabikoni atsopano, ndipo gawo lililonse litapeza nambala yake ndi njira yake yotulukira kumsewu. Wogula "kuseri kwa nyumba" popanda izi amakhala mlendo pa title deed ya mnzake.

Ndinamanga kale popanda chilolezo. Andigwetsera?

Khonsolo imayamba ndi kalata yoimitsa ntchito kapena yolamula kukonza cholakwikacho. Musaibise m'sutikesi, pitani nayo mwamsanga. Ngati nyumba ili pa puloti yanu ndipo siikuphwanya dongosolo la deralo, mungathe kupereka mapulani a momwe yamangidwira, n'kulipira chindapusa. Koma yomangidwa mumsewu, pa malo a sukulu kapena mumtsinje ilibe pothawira, ndipo chipukuta misozi palibe.

Ground rent ndi city rates n'chimodzimodzi?

Ayi. Ground rent imapita kwa mwini malo chaka ndi chaka chifukwa cha lizi. City rates imapita kukhonsolo, ndipo imawerengedwa potengera mtengo wa malo ndi zomangidwapo. Ngongole zonse ziwiri zimatsatira puloti, choncho pogula funsani malisiti omaliza, apo ayi mudzalipira za mwini wakale tsiku lomwe mukufuna kusintha dzina.