Mwana wosiya nyama safooka

Makolo ambiri mu Lilongwe amakhulupirira kuti mwana akasiya kudya nyama ndi nsomba ndiye kuti apinimbira kapena atha magazi. Maganizowa ndi olakwika, ndipo chodabwitsa n'chakuti m'makomo ambiri ku Kawale kapena ku Area 25 nyama imaoneka pamwezi kangapo chabe, koma anawo amakula.

Chimene thupi limafuna ndi zakudya zomanga thupi, zomwe zimapezekanso mu nyemba, nandolo, khobwe, soya ndi mtedza. Nsima ikadyedwa ndi nyemba, zomanga thupi zimene zimaperewera m'chimanga zimakwaniritsidwa ndi nyembazo. Bonongwe ndi nkhwani wotendera zili ndi ayironi wothandiza kupanga magazi, koma thupi limautenga bwino mwana akadyanso zipatso monga malalanje, magwafa kapena malambe, pomwe tiyi womwera pachakudya amalepheretsa zimenezi. Atsikana amene ayamba kusamba ndiwo ofunika kuwasamala kwambiri pamenepa.

Nkhawa yeniyeni ili pa vitamini B12, amene mbewu ndi masamba sizipereka mokwanira. Mwana wodya mazira ndi kumwa mkaka amamupeza, koma wokana zonsezi makolo ayenera kupita naye kuchipatala kuti akalangizidwe za mapiritsi a vitaminiyu.