Kanyali ka check engine kakayaka, musathamangire kugula sipeya

Pa dashibodi ya galimoto yanu pali kanyali kachikasu kojambulidwa ngati injini, pena kolembedwa kuti CHECK. M'magalaja athu muno timalandira magalimoto ambiri omwe ayenda nako chaka chathunthu kali chiyakire, ndipo mwini wake ukamufunsa amati, "Aa, kameneka inabwera nako kuchokera ku Japan, sikavuta." Ndaonapo maminibasi ndi matakisi omwe anakamata ndi tepi yakuda kuti kasamawathobwe m'maso usiku. Aliponso ena omwe kakangoyaka amathamangira ku Mchesi kapena ku Ndirande kukagula sensa yomwe mnzawo wawauza, n'kupeza kuti ndalama zapita koma kanyali kakadali pomwepo. Zimandipweteka mtima, chifukwa ndalama zambiri zomwe zimatayika apa zikanapulumuka.

Injini za masiku ano zimayendetsedwa ndi kompyuta yomwe timaitcha ECU. Kompyutayi imadalira masensa omwe amaiuza kuchuluka kwa mpweya wolowa, kutentha kwa madzi a m'injini, liwiro lomwe injini ikuzungulira, komanso oxygen yemwe watsala mu utsi wotuluka ku ekizozi. Ndi uthenga umenewu imawerengera petulo woti injekita ipopere komanso nthawi yoti pulagi itulutse moto. Pa injini ya petulo, muyezo womwe imausaka nthawi zonse ndi magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Ikaona kuti sensa ina ikunena zosatheka, kapena kuti yayesetsa kukonza muyezowo koma zikukanika, imasunga nambala ya vutolo n'kuyatsa kanyali.

Dongosolo limeneli, lotchedwa OBD-II, linakhala lamulo pa magalimoto atsopano ogulitsidwa ku America kuyambira 1996. Ku Ulaya linafika mu 2001 pa magalimoto a petulo ndi mu 2004 pa a dizilo. Cholinga chake choyamba chinali kuchepetsa utsi woipa, n'chifukwa chake kanyali kamatha kuyaka galimoto ikuyenda bwinobwino, inu osamva chilichonse chachilendo. Abale athu omwe ali ku UK amadziwa kuti kumeneko sikoseweretsa: kuyambira May 2018, magalimoto ambiri omwe kanyali kameneka kakuyaka amalephera MOT, kuyeza kwa chaka ndi chaka koona ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pa msewu.

Kakayaka muli pa ulendo, choyamba yang'anani ngati kayaka chiyakire kapena kakuphethira. Kusiyana kwake n'kwakukulu kwambiri.

Kakamaphethira, ndiye kuti injini ikumisa koopsa: silinda imodzi kapena zingapo sizikuwotcha petulo. Nthawi zambiri mumamva galimoto ikunjenjemera, mphamvu yachepa, ndipo kumbuyo kukununkha petulo wamuwisi. Petulo wosapsayo amatsika mu ekizozi n'kukayakira mu catalytic converter, chitsulo chomwe ntchito yake ndi kuyeretsa utsi. M'kati mwake muli chinthu chadongo chokhala ndi timabowo tambirimbiri, ndipo kutentha kukapitirira muyezo chimasungunuka n'kutseka njira ya utsi. Vuto lomwe linayamba ndi pulagi imodzi limathera pa chitsulo chodula kuposa mapulagi onse a galimoto khumi. Choncho chotsani phazi pa moto, zimitsani AC, pezani malo abwino oimapo n'kuzimitsa injini. Ngati ndi usiku ndipo muli pakati pa Ntcheu ndi Dedza pomwe simungaime, yendani pang'onopang'ono mpaka pa sitolo kapena malo omwetsera mafuta apafupi, osati mpaka ku Lilongwe.

Kakayaka chiyakire, musanjenjemere. Ponyani maso pa geji ya kutentha, mvetserani phokoso la injini, onani ngati mphamvu ili monga mwa masiku onse. Zonse zikakhala bwino, mungathe kumaliza ulendo wanu n'kupita ku galaja m'masiku ochepa. Ndati masiku, osati miyezi. Pena galimoto imayatsa kanyali n'kukana kuthamanga, giya osasintha, ngakhale muponde moto chotani. Imeneyo ndi kompyuta yadula mphamvu dala kuti iteteze injini kapena giyabokosi, ndipo kuikakamiza kukwera mapiri a ku Chiweta ili choncho n'kuizunza chabe.

Musasokoneze kanyali kameneka ndi nyali zofiira. Ya oyilo, yooneka ngati kabotolo kodontha, ikayaka injini ikulira, imani pomwepo n'kuzimitsa, chifukwa injini yopanda mphamvu ya oyilo imatha kugwirana m'mphindi zochepa. Chimodzimodzi yofiira ya kutentha. Ya batire ikutanthauza kuti alternator sikutchaja, ndipo ngati lamba waduka, pa injini zambiri pampu ya madzi nayo yaima. Koma kanyali kabuluu ka kutentha komwe kamayaka m'mawa pa Vitz, Fit kapena Demio kamangonena kuti injini ikadali yozizira, ndipo kamazima kokha.

Tsopano tifike ku galaja, komwe anthu ambiri amaluzira ndalama. Pansi pa chiwongolero pali soketi ya mabowo 16 yolumikizapo makina owerengera, zomwe ambiri amati kuika galimoto pa kompyuta. Makinawo amatulutsa code, yomwe ndi nambala ya vuto ija, monga P0301. Chilembo P chikuimira injini ndi giyabokosi. Nambala yoyamba ikakhala 0, tanthauzo lake ndi limodzi pa magalimoto onse, ikakhala 1 ndiye kuti ndi ya kampani yomwe inapanga galimotoyo, ndipo P1 ya Toyota siifanana ndi P1 ya Nissan. Chomwe ndikufuna mugwiritsitse n'chakuti code imaloza pomwe kompyuta yaona chachilendo, siitchula chitsulo choti mugule. Munthu akapita kuchipatala mutu ukupweteka, amamuyeza magazi kaye asanamupatse LA, chifukwa mutu umapweteka pa zifukwa zambiri. Code nayo imafuna kuyeza.

Tengani P0301 yomweyo. Ikunena kuti silinda yoyamba ikumisa, basi. Makaniko wodziwa ntchito amachotsa koyilo ya pa silinda yoyamba, yomwe imatumiza moto ku pulagi, n'kuisinthanitsa ndi ya pa yachiwiri, kenako n'kuliza galimoto. Code ikasamuka n'kukhala P0302, vuto latsatira koyilo, ndipo mugula koyilo imodzi yokha. Ikakhalabe P0301, amatulutsa pulagi n'kuiyang'ana pa kuwala. Kunsonga kukakhala kofiirira ngati dothi louma, ikuwotcha bwino. Kukakhala mwaye wakuda wouma, petulo wachuluka. Kukakhala konyowa ndi oyilo, nkhani yalowa m'kati mwa injini, ndipo ayenera kuyeza compression, kutanthauza mphamvu yomwe silinda ikupanikizira mpweya. Pena pulagi imakhala yabwino koma m'dzenje momwe imakhala mwadzaza oyilo wodontha pa gasiketi ya pamwamba, moto n'kumathawira m'mbali. Kuyeza konseku sikutha ola limodzi, ndipo sikufuna kugula kalikonse.

Ina yomwe imapusitsa anthu ndi P0171, yonena kuti mpweya wachuluka kuposa petulo. Poti ndi sensa ya oxygen yomwe imanena zimenezi, ambiri amathamangira kusintha sensayo, chonsecho iyo yanena zoona. Nthawi zambiri timapeza paipi ya labala yolowetsa mpweya yang'ambika pansi pomwe diso silifika, kapena sensa yoyeza mpweya wolowa yakutidwa ndi fumbi, kapena pampu ya mafuta yatopa. Sensa yoyeza mpweyayo ili ndi kawaya kopyapyala kwambiri. Imatsukidwa ndi mankhwala ake opopera, osati kupukuta ndi nsalu kapena kuthira petulo. Chivindikiro cha thanki chosatsekedwa bwino nachonso chimayatsa kanyali pa magalimoto ena, makamaka opangidwira msika wa ku America, ndipo kuchimangitsa n'kwaulere, choncho yambani mwachiona.

Pali zinthu zingapo za kwathu kuno zomwe zimayatsa kanyali kameneka kawirikawiri. Mafuta akasowa m'malo omwetsera, ambiri timagula a m'zigubu, ndipo ena mwa amenewa amakhala ndi madzi, zinyalala, kapena osakanizidwa ndi palafini. Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa kale ndi ethanol, yemwe amakoka chinyezi akakhalitsa m'chigubu chosatseka bwino. Ngati kanyali kayaka mutangothira mafuta oterewa, muuzeni makaniko mosabisa, mumupeputsira ntchito. Fumbi la mwezi wa October m'misewu yadothi limatseka fyuluta ya mpweya msanga kuposa momwe buku la galimoto limanenera. Kutsuka injini ndi madzi amphamvu kumalowetsa madzi m'makoyilo, ndipo galimoto imachoka kotsukira ikumisa. Makoswe nawo amadya mawaya, makamaka pa galimoto yomwe yaima nthawi yaitali pafupi ndi matumba a chimanga. Batire lofooka limapangitsa kompyuta kutulutsa ma code ambirimbiri osagwirizana: batire labwino limaonetsa ma volt pafupifupi 12.6 injini itazima, ndi pakati pa 13.5 ndi 14.5 ikulira.

Chizolowezi chimodzi chomwe ndimalimbana nacho kwambiri ndi chochotsa thermostat, kachitsulo kotseka njira ya madzi opita ku radiyeta mpaka injini itafunda, ati chifukwa kuno kumatentha. Injini inapangidwa kuti izigwira ntchito madzi ake ali pa madigiri pafupifupi 80 mpaka 95. Thermostat ikachotsedwa, injini imachedwa kufika pamenepo, ndipo m'mawa wa mwezi wa June ku Dedza kapena ku Mzuzu mwina siifika n'komwe. Kompyuta ikamaona kuti injini ndi yozizira imawonjezera petulo, galimoto n'kumamwa mafuta, mapulagi n'kumada, ndipo pa magalimoto ambiri imatulutsa P0128. Galimoto ikamatentha, vuto lifufuzidwe ku radiyeta, ku fani, ku pampu ya madzi kapena ku thermostat yomwe yafa, yomwe mankhwala ake ndi kuikapo ina.

Nkhani ya catalytic converter nayo ndi yofunika kusamala. M'kati mwake muli platinum, palladium ndi rhodium, zitsulo za mtengo wapatali, ndipo pali anthu omwe amagula. Mukauzidwa kuti yatsekeka ichotsedwe, funsani kuti ayeza bwanji, komanso chomwe chaipha n'chiyani, chifukwa nthawi zambiri siimangofa yokha; imaphedwa ndi kumisa kapena injini yodya oyilo. Ikachotsedwa, pa magalimoto ambiri mudzakhala ndi P0420 mpaka kalekale, ndipo kanyali sikadzazimanso. Apa ndiye pali ngozi yeniyeni ya kuyenda ndi kanyali koyaka: nyali ndi imodzi, koma mavuto omwe imaimira ndi mazanamazana. Ikakhala yoyaka kale chifukwa cha vuto laling'ono, tsiku lomwe kwabwera lalikulu simudzadziwa.

Ena amachotsa theminolo ya batire kwa mphindi zingapo kuti kanyali kazime. Kamazimadi, koma vuto likadalipo, ndipo kamabweranso kompyuta ikangoliwonanso. Choipa kwambiri n'chakuti pamodzi ndi code, kompyuta imasunga momwe zinthu zinalili pa nthawi yomwe vuto linachitika: liwiro la galimoto, kutentha kwa injini, kuchuluka kwa mpweya. Uthenga umenewu ndi womwe umathandiza makaniko kupeza vuto lomwe limabwera n'kupita, ndipo mukaufufuta mwamumanga manja. Momwemonso, kulipira munthu kuti angofufuta code sikukonzetsa galimoto. Pemphani kuti akulembereni code iliyonse papepala kapena muijambule pa foni asanaifufute, akuuzeni chomwe ayeza, ndipo zitsulo zakale zomwe asintha akubwezereni. Vuto likakonzedwadi, kompyuta imazimitsa yokha kanyali ikayeza maulendo atatu otsatizana osalipezanso.

Pali timakina totchipa ta ELM327 tolumikizana ndi foni pa Bluetooth, ndipo kwa munthu woyenda maulendo ataliatali n'tothandiza kudziwa ngati vuto ndi lodikira kapena ayi. Dziwani chabe kuti magalimoto ena akale opangidwira msika wa ku Japan sayankhula bwino ndi timakina timeneti, ndipo tikati palibe code sizitanthauza kuti palibedi. A magalimoto a dizilo atsopano, omwe ali ndi sefa ya mwaye yotchedwa DPF, asamalenso: sefayi imadziyeretsa pa ulendo wautali injini itatentha bwino, ndipo galimoto yomwe imangozungulira m'tauni imaitseka mpaka kuyatsa kanyali.

Kwa inu amene mukufuna kugula galimoto yoyendapo kale, chitani izi wogulitsa ali pomwepo. Tembenuzani kiyi mpaka nyali zonse za pa dashibodi ziyake, koma musalize injini. Kanyali ka injini kayenera kuoneka pakati pa zinzake, kenako kazime injini ikalira. Kakapanda kuoneka n'komwe, wina anachotsa babu kapena anakamata kuseri kwa galasi. Kenako pitani nayo kwa makaniko wanu, osati wa wogulitsa, ndipo mumuuze kuti makinawo aonetse ngati kompyuta yamaliza kudziyeza mbali zonse. Ikakhala kuti mbali zambiri sizinamalizidwe, ndiye kuti ma code afufutidwa posachedwa kapena batire linachotsedwa, ndipo muyenera kuiyendetsa ulendo wotalikirapo, wa m'tauni ndi wa pa msewu waukulu, n'kuiwerenganso musanapereke ndalama.