Musamane chakudya wodwala khansa

Pa WhatsApp pakuyenda uthenga woti wodwala khansa asiye nyama, mazira, nsomba ndi mkaka, azingomwa madzi a mandimu, ati kuti khansayo ife ndi njala. Limeneli ndi bodza lopha anthu. Musautumize kwa ena.

Tikunena makamaka za khansa za m'minofu, zimene madokotala amati sarcoma. Zimayambira m'minofu, m'mafuta kapena m'mitsempha ya magazi. Kuno kwathu yofala ndi ya Kaposi: mawanga akuda kapena tizotupa tolimba pamiyendo, miyendo kutupa, mwinanso zotupa m'kamwa. Imadza ndi kachilombo ka HHV-8, ndipo imakula msanga chitetezo chikatsika chifukwa cha HIV. Mazira alibe mlandu.

Khansa payokha imadya thupi. Munthu amaonda ngakhale akudya, nanga mukamulandanso ndiwo? Chotupacho chimangopitiriza kukula, amene akutha ndi wodwalayo. N'chifukwa chake kuchipatala amamukweza pasikelo ndi kumuyeza magazi. Odwala amene amafika ataonda kwambiri, magazi ali ochepa, puloteni ya m'magazi yotchedwa albumin itatsika, nthawi zambiri sapirira mankhwala a khansa, mabala a opaleshoni amachedwa kupola, matenda ena amawagwira mosavuta, ndipo ambiri sakhala ndi moyo nthawi yaitali poyerekeza ndi anzawo ofika ali ndi thupi. Pena dokotala amachita kuimitsa kaye mankhwala poona kuti thupi silingathe.

Munthu wa makilogalamu 60 akataya 3 m'miyezi 6 osafuna, kumeneko n'kuonda koopsa kale. Lamba akayamba kufuna bowo latsopano, musadikire tsiku lolembedwa m'buku lakuchipatala, pitani mukanene.

Tikubwerezanso: chakudya chisachotsedwe. Mpatseni pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Phala lothira nsinjiro kapena dzira, usipa wosinja, nyemba zophwanya, nkhwani wotendera, nthochi, mkaka. Ngati m'kamwa muli zilonda, chakudya chikhale chofewa, chosatentha, chopanda tsabola. Akamasanza kapena kulephera kumeza, auzeni anamwino. Mankhwala ake alipo, ndipo ena amapatsidwa chiponde.

Komanso chakudya chokha sichichiza khansa. Amene ali ndi HIV asadukize ma ARV, ndipo tsiku la mankhwala ku Kamuzu Central kapena ku Queen Elizabeth lisaphonyedwe.

Inu osamalira odwala, wina akabwera ndi mndandanda wa zakudya zoletsedwa, kaya ndi wachibale, kaya wogulitsa mankhwala azitsamba, pitani nawo kuchipatala dokotala akauone musanachotse kanthu m'mbale.