Ku Antarctica kulibe mimbulu, tisanamizane

Ndatopa nayo nkhani iyi, zaka ndi zaka anthu akungoibwereza, eti kulikonse kozizira kwa madzi oundana kuli mimbulu, ena mpaka amati kumeneko ndiye kumabisala anthu osanduka mimbulu mwezi ukakhala wathunthu.

Dziko lili ndi mathero awiri ozizira ndipo nyama zake ndi zosiyana. Mimbulu yoyera ilipodi koma kumpoto, ku Arctic, monga pachilumba cha Ellesmere ku Canada ndi kumpoto kwa Greenland, komwe imasaka akalulu ndi ng'ombe zam'tchire zaubweya wautali zija. Zimbalangondo zoyera nazonso ndi zakumpoto konko. Kummwera, ku Antarctica, kuli mapengwini (mbalame zosauluka zosambira m'nyanja) ndi nyama zina zodalira nyanja basi, mmbulu ukadya chani pamtunda popanda msipu wodyetsa nyama zoti uzigwira? Tangoganizani, kanyama kakakulu kuposa tonse tokhaliratu pamtunda kumeneko ndi kantchentche kopanda mapiko, kotalika mamilimita 6 okha. Ngakhale agalu okoka katundu anawachotsako mu 1994 kuopa kupatsira matenda nyama zakumeneko.

Za anthu osanduka mimbulu ndi nthano zakale za ku Ulaya zomwe mafilimu anazikometsera, palibe malo ake pa mapu.

Kufufuza sikovuta. Pa intaneti pali mapu oonetsa komwe nyama iliyonse imapezeka, tayang'anani amenewo, dzifunseni kuti nyamayo ikudya chani, ndipo chithunzi chikabwera pa foni funsani kaye kuti anachijambulira kuti. Mukaona chimbalangondo choyera chaima ndi pengwini pa ayezi, dziwani kuti wina wachipanga pa kompyuta, chonde musachitumize kwa anzanu.